Malasha Si Makala: Mafunso a Wofuna Kufunditsa Nyumba Yakale ku Wonderkop

Munthu wochokera ku Mangochi akafika ku Wonderkop m'mwezi wa Januwale, amayesa kuti nkhani za kuzizira kwa ku Joni zinali zokometsera chabe za matchona. Dzuwa limaswa mtengo ngati kwathu komwe. Koma Meyi akamapita kumapeto, madzi a m'ndowa amayamba kuluma zala, ndipo munthu uja amayamba kuchiyang'ana kawiri chitofu chakuda chimene anachipeza pakona ya khitchini m'nyumba yakale imene akuchita lendi. Mafunso ali m'munsiwa amabwera nthawi imeneyo. Nzeru za moto zimene tinakula nazo ndi za nkhuni ndi makala, ndipo zina mwa izo zikakumana ndi malasha zimatipereka.

Kodi kuzizira kwake n'kotani kuti mpaka tikambirane za chitofu?

Wonderkop ili pafupi ndi Marikana m'chigawo cha North West, pakati pa Rustenburg ndi Brits, kumpoto kwa mapiri a Magaliesberg. Malowa ndi okwera, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julayi mvula kulibe, mitambonso kulibe. Masana mutha kuvula juzi, koma dzuwa likangolowa kutentha konse kumene nthaka inamwa kumathawira kumwamba popeza palibe mtambo wokutchinga. Tsiku lina m'bandakucha mumapeza udzu utayera mbuu ndi chisanu. Sikufanana ndi chiperoni cha ku Thyolo chobwera ndi nkhungu ndi mawawa. Uku n'kuzizira kouma, kong'amba milomo, ndipo kumafika pachimake nthawi imene wa shifiti yam'mawa akufunafuna nsapato.

Nyumba zapafamu zikutani pakati pa migodi?

Migodi inapeza alimi ali kale, monganso alimiwo anapeza Atswana ali kale. Dera la Wonderkop lili pansi pa ufumu wa Bapo ba Mogale. Alimi achizungu ankalima fodya ndi malalanje m'madera a Marikana, Kroondal ndi Buffelspoort, n'kumanga nyumba za makoma onenepa, denga lamalata, khonde lalitali, ndi khitchini yokhala ndi chitofu chachitsulo. Mwala wa pulatinamu umene ukudziwika ndi dzina la Hans Merensky unapezeka mu 1924, ndipo m'kupita kwa zaka minda yambiri inasanduka malo a migodi. Nyumba zina zinagwetsedwa. Zina zinatsala, n'kudulidwadulidwa m'zipinda zalendi.

Tisanamizane, anthu ambiri a ku Wonderkop sakhala m'nyumba zotere. Amakhala m'mikhukhu, tinyumba tamalata tokhatokha, monga ta ku Nkaneng pafupi ndi kaphiri kamene apolisi anaphapo anthu 34 pa 16 Ogasiti 2012. Ogwira ntchito ambiri anasankha kulandira ndalama yokhalira kunja m'malo mogona ku hositelo, ndipo komiti ya Farlam yofufuza za imfazo, imene lipoti lake linatuluka mu 2015, inapeza kuti pa nyumba 5,500 zimene kampani ya Lonmin inalonjeza, zinamangidwa zitatu zokha. Kampaniyo inapita m'manja mwa Sibanye-Stillwater mu 2019. Choncho wokhala m'nyumba yapafamu, ngakhale yong'aluka, ali ndi chinthu chimodzi chimene mnzake wa mu mkhukhu alibe: chumuni. Nkhani yonseyi yagona pa chumunicho.

Malasha ndi makala si zofanana? Zonse n'zakuda, zonse zimayaka.

Ayi ndithu. Makala ndi mtengo umene unawotchedwa kale mu uvuni. Utsi wake wambiri unatsala kuthengo kumene anaotcherako. Malasha ndi mwala wokumbidwa pansi, ndipo phula lake, sulufule wake ndi utsi wake wonse zikadali m'kati, zikudikira kutulukira m'khitchini mwanu. Kwathu malasha timangowamva kuti amakumbidwa ku Mchenga ku Rumphi ndi ku Moatize ku Tete, n'kumapita kumafakitale. Ndi ochepa amene anaphikirapo nsima.

Ku Wonderkop malasha sakumbidwa. Amabwera pa malole, ambiri kuchokera ku Mpumalanga, kumene kuli tauni ya eMalahleni, dzina lotanthauza kuti kumalasha. Amene amagulitsidwa kwa anthu wamba kawirikawiri amakhala otsika, aphulusa lambiri, chifukwa abwino amapita kunja ndi kumafakitale. Palinso mtundu wotchedwa anthracite, wolimba ndi wonyezimira, umene wambiri umachokera ku KwaZulu-Natal. Umenewu utsi wake ndi wochepa ndipo umakhalitsa pamoto, koma ndi wokwera mtengo, umavuta kuyatsa, ndipo umafuna chitofu chokoka mpweya bwino.

Pa makala mutha kuotcha chimanga kapena nyama mwachindunji. Pa malasha musayese. Chakudya chikhale mumphika wovundikira, pamwamba pa chitsulo.

Chitofu chilipo, chachita dzimbiri, koma chikuoneka cholimba. Ndingochikoleza?

Safunsa anadya phula. Zitofu zambiri za m'nyumba zakalezi, monga za dzina la Dover, n'zachitsulo chofanana ndi cha mphika wamiyendo itatu, ndipo zimatha zaka makumimakumi. Chimene chimafa msanga ndi paipi ya utsi ndi chumuni. Utsi wa malasha ukakumana ndi chinyezi umadya chitsulo kuchokera m'kati, moti paipi imaoneka yabwino kunja pamene m'kati yatsala ngati pepala. Mbalame nazo zimamanga zisa m'chumuni chimene chakhala zaka osafuka.

Amene anagwirapo ntchito m'mabani a fodya wa fuluu ku Kasungu akudziwa kale mmene zimayendera. Moto umakhala kunja, kutentha kumadutsa m'mapaipi m'kati mwa bani, utsi n'kukatulukira kumwamba; paipi ikaboola, fodya yense amanunkha utsi, mwinanso bani n'kupsa. Chitofu n'chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa fodya muli inuyo ndi ana. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera m'chumuni, ndipo pokwerapo umakoka mpweya watsopano kudzera pansi pa moto. Kukoka kumeneku kukafooka, utsi umasaka njira ina.

Ndiye yambani masana, zitseko zili zotsekula. Chotsani phulusa lakale lonse. Gogodani paipi ndi kamtengo mumve ngati mwaye ukugwa, ndipo muone ngati pali pofewa. Kwerani padenga, kapena pemphani wodziwa, aone ngati chumuni chili chotseguka ndiponso ngati chapitirira nsonga ya denga. Chikafupika, mphepo imabwezera utsi pansi. Kenako yatsani nyuzipepala yokha m'chitofu. Lawi likamaweramira kupaipi, chikukoka. Utsi ukamatulukira m'mphepete mwa mbale zapamwamba kapena m'malumikizidwe a paipi, musaike malasha kufikira mutamata ming'aluyo ndi simenti yapamoto imene imapezeka m'mashopu a zomangira. Paipi yotentha isayandikane ndi matabwa a denga. Pakhale mpata wa masentimita 45 kapena kuposerapo, kapena chotchinga chosayaka.

Chinanso: nyumba zambiri zakale zili ndi denga, siling'i kapena paipi za asibesitosi, zimene dziko la South Africa linaletsa mu 2008. Mukaona chinthu chotuwa chooneka ngati simenti yopyapyala, musachiboole kapena kuchicheka. Fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri.

Nanga moto wake umakolezedwa bwanji kuti utsi usadzaze mudzi?

Apa ndi pamene dzanja lozolowera limalakwa. Ife timayamba ndi mapepala pansi, tinkhuni pamwamba, makala pamwamba penipeni. Mukatero ndi malasha, moto wapansi umaphika malasha ozizira ali pamwamba, iwo n'kumatulutsa utsi wachikasu wonunkha umene sukupeza lawi loti uupsereze. Kwa nthawi yaitali mumangokhala mukutsokomola, mphika uli pambali.

Njira yabwino ndi yozondotsa. Malasha ambiri muike pansi. Pamwamba pake mapepala ndi tinkhuni touma. Pamwamba penipeni timalasha tochepa, todzaza dzanja limodzi kapena awiri. Yatsani mapepalawo. Moto umatsika pang'onopang'ono, ndipo utsi wochokera m'malasha apansi umayenera kudutsa m'lawi, n'kupsa momwemo. Ku South Africa njirayi imatchedwa Basa njengo Magogo, kutanthauza kuti koleza ngati agogo, polemekeza gogo wina wa ku eMbalenhle pafupi ndi Secunda amene anaikonza bwino pamene bungwe la Nova Institute linkaiyesa kumeneko. Boma linaifalitsa m'malokeshoni, ndipo akatswiri a bungwe la CSIR atayeza anapeza kuti utsi umachepa kuposa theka. Malashanso amapulumuka, chifukwa utsi umene ukanauluka wasanduka kutentha.

Malasha amapuma kuchokera pansi, mosiyana ndi nkhuni. Phulusa likadzaza mpaka kukhudza tizitsulo timene malasha amakhalapo, moto umabanika ndipo tizitsuloto timapindika. Powonjezera, musakwirire moto wonse. Siyani mbali imodzi ikuoneka yofiira kuti iyatse utsi wa malasha atsopanowo. Palafini kapena petulo pamoto woyaka kale, ayi. Mapulasitiki, matayala ndi matabwa opaka mankhwala otoledwa kumgodi, ayinso.

Ine ndilibe chitofu. Kwathu tinkalowetsa mbaula m'nyumba kukazizira, ndipo tili moyo. Vuto lili pati?

Funso ili ndi limene landichititsa kulemba zonsezi. Ngakhale dzina n'lofanana: kuno amati imbawula, chitini chobooledwa mabowo m'mbali, chodzaza malasha. Madzulo a Juni mumaziona zili ndandanda panja, zikufuka, eni ake akudikira kuti utsi uthe alowetse m'nyumba. Ganizo lake n'lakuti utsi ukatha, choopsa chatha. Zoona zake n'zakuti utsi ukatha, chenjezo ndi limene latha.

Chimene chimapha ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suyabwa m'maso. Umatuluka moto uliwonse ukamayaka mopereweredwa mpweya wabwino, ndipo makala kapena malasha ofiira, osafuka, amautulutsa wambiri. Ukalowa m'mapapo umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, moti magaziwo amayenda m'thupi opanda chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Ali maso angaganize kuti ndi chimfine kapena kutopa kwa kuntchito. Ali m'tulo sadzuka n'komwe.

N'chifukwa chiyani tinapulumuka kwathu? Ena sanapulumuke, ngakhale ku Malawi mbaula imapha anthu m'zipinda zotseka nyengo yozizira. Koma nyumba yaudzu ya kumudzi imapuma: pakati pa khoma ndi denga pali mpata, udzu umadutsa mpweya. Chipinda cha ku Wonderkop munthu amachimata dala, nsanza pansi pa chitseko, makatoni m'makoma, pulasitiki pazenera, chifukwa mphepo yake ndi yolasa. Chitseko amachikhoma ndi loko poopa akuba. Akatero wapanga botolo, n'kulowamo ndi moto.

Yankho langa lilibe "koma". Mbaula, kaya ya makala kaya ya malasha, isagone m'chipinda chogona anthu. Otherani panja kapena pakhonde, tenthetsani madzi, thirani m'botolo lolimba, likulungeni m'nsalu, lowani nalo m'bulangete. Njerwa yotenthetsa pamoto n'kuikulunga imachitanso chimodzimodzi. Kutsekula zenera pang'ono kumathandiza, koma si chitetezo chodalirika. Mphepo ikaima usiku, mpweya woipa sutuluka mokwanira. Ndipo wokhala ndi chitofu asadzitame: chumuni chotsekeka chimasandutsa chitofu kukhala mbaula yaikulu. Kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide, koyendera mabatire, kamagulitsidwa m'mashopu a zomangira, ndipo anthu okhala nyumba imodzi atha kusonkherana.

Tikapeza mnzathu ali chikomokere m'chipinda momwe muli moto, tichite chiyani?

Tsekulani chitseko ndi mazenera, mumutulutsire panja msanga, inuyo osachedwamo. Imbani 112 pa foni yam'manja kapena 10177. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali. Musamumwetse mkaka, madzi kapena china chilichonse ali wosazindikira. Mkaka suchotsa mpweya umenewu, ndipo ungamutsamwitse. Mankhwala ake ndi okosijeni wa kuchipatala. Ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, apite ndithu, makamaka mwana kapena mayi woyembekezera. Nkhawa ya mapepala okhalira m'dziko muno isakuimitseni. Malamulo a South Africa amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Chizindikiro china chosavuta: ngati nonse m'nyumba mwadzuka ndi mutu tsiku limodzi, ndipo ukutha mukatuluka panja, si malungo.

Kodi chitofu chimodzi chingafunditse nyumba yonse?

Ayi, ndipo eni ake akale sankayesa n'komwe. Nyumbazi anazimanga poganizira dzuwa la Disembala: denga lalitali, khonde lotchinga dzuwa, pansi pasimenti. Banja linkasonkhana m'khitchini madzulo, kenako aliyense n'kuthamangira m'mabulangete. Chitani zomwezo. Funditsani chipinda chimodzi, tsekani zitseko za kumene kulibe anthu.

Kutentha kwambiri kumathawira kudenga. Chipinda chopanda siling'i chili ngati mphika wosavundikira, mungasonkhezere usiku wonse osafunda. Siling'i, ngakhale yotsika mtengo, imapulumutsa malasha ambiri kuposa chitofu chatsopano. Makatani olemera atsekedwe dzuwa lisanalowe, koma masana tsekulani a mazenera oyang'ana kumpoto, chifukwa nyengo ino dzuwa limadzera kumeneko. Makoma onenepa aja amachedwa kufunda, koma akafunda amasunga. Moto wapakatikati wa tsiku ndi tsiku umaposa chimoto chachikulu cha Loweruka lokha.

Pomata mipata, siyani polowera mpweya m'chipinda chimene muli chitofu. Chumuni sichingatulutse mpweya ngati wina sukulowa.

Bwanji osangogula hita yamagetsi?

Ngati muli ndi mita yanuyanu ndi mawaya abwino, hita ndi yaukhondo ndipo siitulutsa mpweya wakupha. Koma werengani. Hita ya mawati 2,000 ikayaka maola asanu yadya mayuniti 10, pamwezi 300. Kilogalamu ya malasha ili ndi kutentha kofanana ndi mayuniti 6 kapena 7. Tinene kuti theka lathawira m'chumuni, mwatsala ndi atatu. Ndiye makilogalamu atatu kapena anayi akugwira ntchito ya hita ija madzulo amodzi, ndipo pamoto womwewo mwaphika nyemba, mwatenthetsa madzi osamba, mwaumitsa ovololo. Tengani mtengo wa thumba ndi mtengo wa yuniti kumene mukukhala, muyerekeze nokha.

Magetsinso ali ndi zake. Amene anali kuno mu 2023 akukumbukira mmene kampani ya Eskom inkazimitsira magetsi pafupifupi tsiku lililonse. M'nyumba yogawana, mahita anayi pa waya umodzi wakale ndi ngozi yodikira tsiku, ndipo mawaya olumikiza mwakuba amene kuno amati izinyoka sanapangidwire katundu wotere. Hita yapalafini nayo imadya mpweya wa m'chipinda, ndipo ikagubuduzika mu mkhukhu moto sufunsa kuti mzere uno ndi wa yani.

Phulusa lachuluka. Ndingathire m'dimba, kapena kutchezera chidulo?

Walira mvula walira matope: malasha otsika amasiya phulusa lodzaza ndowa. Koma si phulusa la kwathu lija. La nkhuni kapena la zitsononkho amayi amatchezera chidulo chophikira therere, ena amathira m'munda. La malasha lili ndi zotsalira za m'miyala, zina mwa izo zapoizoni. Chidulo ayi, ngakhale pang'ono, gulani soda. M'bedi la mpiru kapena tomato musathiremo. Liikeni m'ndowa yachitsulo, panja, kutali ndi khoma ndi ana, chifukwa limasunga moto m'kati mpaka mawa lake ndipo likadali lotentha limatulutsabe mpweya woipa uja. Likazizira muliwaze madzi lisauluke, kenako likatayidwe.

Fakitale yosungunula miyala ili pompano ikufuka usana ndi usiku. Kautsi kanga kangasinthe chiyani?

Mkwiyo wa mu funsoli ndikuumva, ndipo uli ndi maziko. Mu 2012 boma linalengeza dera la Waterberg ndi Bojanala, mmene muli Wonderkop, kukhala lofunika kuyang'aniridwa mwapadera pa nkhani ya mpweya, ndipo migodi, mafakitale osungunula miyala ndi fumbi la milu ya zotsalira zili ndi gawo lalikulu pamenepo. Palibe chilungamo pouza mayi wa ku Nkaneng kuti ndiye wowononga mpweya, pamene sanapatsidwe nyumba yofunda kapena magetsi odalirika.

Komabe mapapo sadziwa za chilungamo. Chumuni cha fakitale n'chachitali. Chanu chili pamutu pa ana anu. Usiku wozizira wopanda mphepo, mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda pamwamba pake ngati chivundikiro, ndipo utsi wa m'makomo sukwera. N'chifukwa chake m'mawa wa Julayi mumaona chinsalu chotuwa chitayala pamwamba pa madenga. Amene akupuma utsiwo ndi khanda, agogo, wa mphumu, ndi bambo amene mapapo ake analimbana kale ndi TB ndi fumbi lapansi. Kukoleza kuchokera pamwamba sikutsuka mlandu wa makampani, koma kumachepetsa chifuwa m'nyumba mwanu chaka chomwechino.

Chumuni chikafuna kukonza, ndalama atulutse ndani, ine kapena eni nyumba?

Kukonza nyumba kuti ikhale yoyenera kukhalamo ndi udindo wa eni nyumba, ndipo lamulo la Rental Housing Act la 1999 linakhazikitsa bwalo lomva madandaulo a lendi m'chigawo chilichonse, kwaulere. Ndikudziwa kuti ambiri lendi yawo ndi yapakamwa, ndipo mlendo sakonda kukweza mawu. Njira imene imayenda kawirikawiri ndi kugwirizana kuti mugule paipi ndi simenti nokha, ndalamayo idulidwe pa lendi, ndipo mgwirizanowo ulembedwe ngakhale pa uthenga wa pafoni. Kusesa mwaye ndi kuchotsa phulusa ndi zanu.

Nthawi yabwino yokambirana ndi Epulo, aliyense asanayambe kusaka mapaipi. Ndipo mphepo ya Ogasiti ikadutsa, kukayamba kufunda, musachisiye chitofu ndi phulusa m'mimba mpaka chaka chamawa. Mvula yoyamba ikabweretsa chinyezi, phulusa ndi mwaye zimayamba kudya chitsulo. Chisesedwe, chipakidwe mafuta pang'ono, kachitseko kake kasiyidwe kotsekula, ndipo pamwamba pa chumuni pamangidwe kawaya ka sefa kuti mbalame zikamange kwina.